Njinga Yanga Inagona kwa Shawa

Ndinawanyamula pa Kapata, aphunzitsi opuma aja, a Miti,
ambulera pamiyendo, mankhwala a mawondo m'kapepala,
akupita ku Kalongwezi.
Pokwera anaona khadi likusuzumira m'thumba la shati langa
nalisolola osapempha,
monga amachitira anthu amene anakalambira pa choko.

"Wedingi," anawerenga. "Yotamu Daka ndi Lekesina Soko.
Mwalemba ndi golide. Koma mawuwa ukuwadziwa, mnyamata?"
Ndinati ndi ukwati wa mu holo,
wa keke yosanja katatu, wa velo,
wa magalimoto obwereka oliza mahutala mpaka ku Down Shops.
Anaseka, njinga inachita kupepeluka.

"Kalekale," anatero kumsana kwanga,
"Angelezi asanalawe n'komwe tiyi,
wedi chinali chinthu chimene umasiya m'manja mwa mnzako
kuti akhulupirire zoti ubweranso.
Ndalama, mphete, kaya mpeni wako.
Keke munalibe m'mawuwo.
Ndi chikole, mwana wanga, chikole basi.
Ndipo mawu awo a kubetcha, ndi a malipiro a pamwezi,
anatuluka m'mimba yomweyo."

Sindinayankhe. Tinali pachitunda,
tcheni chikulira, thukuta likuluma m'maso,
ndipo iwo sakanadziwa kuti ulendowu unali wotsiriza:
madzulo omwewo njinga inkapita ku Mchini, kwa Shawa wa kaloba,
kukagona kuseri kwa mafiriji a anthu ena
kuti holo ilipiridwe,
ndi nkhuku makumi anayi,
ndi nsapato za operekeza zovala tsiku limodzi.

Kani Angelezi aja ankadziwa, ndinatero chamumtima.
Anaiona njinga yanga zaka chikwi isanapangidwe.

Usiku ndikubwerera wapansi,
miyendo ikudabwa kuti nthaka siizungulira,
ndinakumbuka chikole china.
Mvula inatitsekera pa Saturday Market, pansi pa lata lodontha.
Ndinampatsa kampango kabuluu,
makwacha asanu nditawamanga pangodya.
Iye anavula kamkanda kudzanja, nakavutika nako
chifukwa mkono wanga ndi wa mahandulo,
mpaka anachita kukamangirira pabelu.
Wojambula panalibe, wa maikolofoni panalibe.
Mboni inali mayi wa kapenta
amene ananamizira kuwerenga chenji nthawi yonseyo.

Ngati a Miti sananame,
ife tinamanga ukwati tsiku lomwelo.
Za mu holo zinali chiwongoladzanja chabe.

Loweruka linafika, linavina, linapita.
Keke inatha alendo a ku Katete asanalandire.
Lolemba ndinadzuka m'mamawa mwachizolowezi,
n'kuima pakhomo ngati tambala wogulitsidwa kumudzi wina,
anzanga akudutsa ndi makasitomala anga kumbuyo,
ena akundiimbira belu la chipongwe.
Shawa yekha ndiye ankawerenga masiku mosalakwitsa.

Sabata yachitatu, dzuwa likutsamira pa Kanjala,
ndinamva kulira kwa tcheni komwe ndingakuzindikire ndili mtulo.
Lekesina, akukankha, poti kupalasa sadziwa,
fumbi mpaka m'mawondo,
kamkanda kaja kakadali lende pabelu.
"Diresi ndalisiya kwa Shawa," anatero.
"Akuti alibwereketsa kwa akwatibwi a mwezi wa mawa.
Ligone komweko. Diresi silinyamula makasitomala."

Tsopano ndikupalasa kuti ndikaliwombole,
iye akuti ndisafulumire, linkamuthina m'khwapa.
Kampango kali pansi pa sutukesi,
mfundo yake sinamasulidwe,
ngakhale tsiku lija tinagona ndi tiyi wopanda shuga.

A Miti ndimawapezabe pa Kapata, mwezi ukatha.
Ndimawalipiritsa theka.
Amafunsa chifukwa, ndimangoti kwerani, aphunzitsi,
gwirani bwino ambulera,
mundiuze mawu ena pachitunda paja.